Loko ya Sutikesi ya Amake Taonga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wilo la sutikesi ya azakhali anga. Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Petauke kudzaonana ndi madokotala, nagona kwathu ku Chawama. M'mawa wa tsiku lobwerera, wilo limodzi linathyokera pamiyala ya m'komboni tisanafike n'komwe pamsewu wa phula. Ndinasenza sutikesiyo pamutu mpaka pokwerera minibasi, ndipo titafika pa siteshoni ya mabasi opita kutali, mayi wina wogulitsa nthochi anatilozera kantemba kokonzera masutikesi kamene kanatsamira mpanda kuseri kwa siteshoniyo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditamaliza giredi thwelofu. Atate anali atamwalira kale, za koleji panalibe wozitchula, ndipo ndinkangothandiza amayi kukazinga vitumbuwa pakhomo. Dzina langa ndine Esinati.

Mwini kantemba anali ba Sakala, bambo wachikulire wa ku Katete amene ankakhala ku Kalingalinga. Kale anali wowotcherera zitsulo, ndipo moto wa ntchito ija ndi umene unawadya maso. Anatsegula sutikesi ya azakhali, napisa dzanja pansi pa nsalu ya m'kati kuti alowetse kasikulu. Kanagwa. Anafufuza pansi ndi zala, nakapeza, kanagwanso. Basi ya azakhali inali itayamba kuliza hutala. Ndinatola kasikuluko, ndinapisa dzanja langa, n'kukalowetsa pamalo pake.

Ba Sakala anandiyang'ana atapendeketsa mutu, monga achitira munthu amene diso limodzi limaona bwinoko kuposa linzake.

"Usebenza kuti, mwana wanga?"

"Sinisebenza."

"Mailo ubwele kuseni. Nifuna maso."

Mawa lake m'mawa ndinayamba ntchito. Kantembako kanali ka malata akale ndi matabwa a mapaleti. Kutsogolo kunali thebulo lokutidwa ndi kapeti yothaitha kuti chigoba cha sutikesi chisakandike. Pakhoma panali misomali yopachikapo masikuludiraiva, pulayala, sowo yodulira chitsulo, hamala yaing'ono, ndi chida chofinyira maliveti chimene tinkachitcha mfuti. Dirilo ya magetsi inkakhala m'bokosi lakelake, chifukwa ndiyo inali chuma chathu chachikulu. Pansi pa thebulo panali ndowa yodzaza mawilo ochotsedwa ku masutikesi akufa. Kumbuyo, mpaka kudenga, kunali masutikesi ogulitsa: ena akale a salaula amene tinkawakonza n'kuwapukuta, ena atsopano ochepa ochokera ku Kamwala.

Choyamba kuphunzira chinali kusintha wilo. Umatsegula zipi ya nsalu ya m'kati, ija ilibe chokokera, kuti uone pamene wilo lagwira chigoba. Ngati lamangidwa ndi masikulu, zako zayenda. Ngati ndi maliveti, umawaboola mitu ndi dirilo mmodzimmodzi, mosamala kuti bowo lisakule. Nthawi zina chathyoka ndi kampira kokha. Pamenepo umadula kachitsulo kopingasa ndi sowo, kuika kampira kena, kulowetsa bawuti ndi mawasha mbali zonse, kumanga nati, n'kudonthezapo guluu kuti isamasuke panjira. Chigoba chikang'aluka, umaboola kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, kenako umaika chigamba cha pulasitiki m'kati n'kuchimenya maliveti. Zipi youma umaipaka kandulo.

Chachiwiri chinali kusankha, ndipo apa ba Sakala sankanyengerera. Anthu ambiri amagogoda sutikesi ndi chala, ikalira ngati mbale yachitsulo amati ndiye yolimba. Iwo ankaigoneka pathebulo n'kukanikiza pakati ndi chikhatho.

"Ona. Yabwino ingena, ibwelela yeka. Iyi youma monga chipanda, ikagwa kamozi chabe, yasila."

Anandiphunzitsa kuyang'ana m'makona, chifukwa pulasitiki yoipa imayamba yachita timizere toyera isanang'aluke. Anandiphunzitsa kusolola chogwirira mpaka kumapeto n'kuchigwedeza: chikamalira kwetekwete ngati dzino logwedera, chisiye. Zipi ikhale ya mano akuluakulu, ndipo ukakanikiza ndi nsonga ya bolopeni isatseguke. Za mawilo ankakamba mokwiya. Timawilo tinayi totuluka kunja, tozungulira mbali zonse, ankati n'ta pabwalo la ndege pamene pansi pali see ngati galasi. Munthu wa ku Kanyama kapena ku George, amene adzakoka katundu wake pamiyala ndi m'matope, atenge ya mawilo awiri akuluakulu olowa m'thupi la sutikesi, kapena ngati afuna anayi, akhale a mpira, awiriawiri pakona iliyonse, omangidwa ndi masikulu kuti tsiku lina adzasinthike.

Zonsezi ndinazigwira msanga, ndipo miyezi yoyamba ndinkaganiza kuti ndapeza poyambira moyo. Koma ndinalowa ntchitoyo itayamba kale kufa. M'mashopu munadzaza masutikesi onyezimira otchipa, atatuatatu, waung'ono m'mimba mwa wamkulu. Munthu ankabwera ndi yothyoka, kumva mtengo wokonzera, n'kuseka, n'kupita kukagula yonyezimira ina imene idzathyokanso pa ulendo wachiwiri. Ukamuonetsa ya salaula yolimba koma yokandika, ankati, "Iyi yakudala, anthu bazaniseka." Ndinkafotokoza za makona ndi za mawilo mpaka kukhosi kuuma, iye maso ali pa ya golide ija ya m'shopu ya patsidya.

Kenako malaiti anayamba kuzima tsiku lonse. Dirilo inangokhala m'bokosi. Maliveti tinkawachotsa ndi chizulo ndi hamala, mabowo tinkaboola ndi msomali wotenthetsa pa mbaula, utsi wa pulasitiki n'kumatilowa m'chifuwa. Ntchito ya kanthawi kochepa inkatenga m'mawa wonse, ndipo wapaulendo sadikira. Mvula itabwera, kolera inabuka m'makomboni, malonda a m'mbali mwa misewu n'kutsekedwa kwa kanthawi. Titabwerera tinapeza madzi atalowa, masutikesi a pansi atachita nguwi m'kati.

Ku nyumba amayi anayamba kutupa miyendo, osathanso kuima nthawi yaitali pa poto wa vitumbuwa. Ndinasiya kukwera minibasi. Ndinkayenda pansi kuchoka ku Chawama kutsata njanji, kukafika m'tauni nsapato zitalemera ndi matope. Masiku ena tinkakhala ine ndi ba Sakala kuyambira m'mawa mpaka madzulo osagwira chida chilichonse, tikungomva anyamata oitanira mabasi akufuula mayina a malo: Nakonde, Chipata, Livingstone, Joni. Tsiku lililonse ndinkaona anthu akunyamuka. Anamwino opita kunja, ana a sukulu, atsikana olonjezedwa ntchito m'maiko akutali. Ine ndinkawamangira mawilo. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanapitirire Kafue.

Maso a ba Sakala nawo ankapitirira kuzima. Anafika poti ndalama ya pepala ankaiyandikitsa pamphuno kuti aizindikire. Sankadandaula. Ankangokhala pa mpando wawo, kusisita chigoba cha sutikesi ndi manja, n'kundiuza pamene pali mng'alu umene ine wa maso sindinauone.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankabweretsa phokoso la chimwemwe pa kantemba paja: amake Taonga. Anali mayi wa ku Kanyama, wamfupi, wonenepa, wa kuseka komveka kutsidya kwa msewu. Ankapita ku Nakonde kukatenga nsapato za ana a sukulu, zitenje ndi tizikwama ta azimayi, n'kumagulitsa m'komboni ndi m'maofesi. Amuna awo, ba Mwale, anali alonda pa shopu ina m'tauni. Banja lonse linkadya za m'maulendo a mayiyo.

Ankabwera kawirikawiri ndi chikwama chawo chansalu chimene tinachisoka mpaka kusowa posoka. Ulendo wina madzi analowa pansi pa basi pamene amaika katundu, zitenje zonse n'kuthimbirira. Anafika pa kantemba atakwiya.

"Ba Sakala, nalema. Nipaseni ya chigoba, yamene siingenesa manzi. Koma osati vija vonyezimila, vonama."

Tinali nayo imodzi ya salaula, yaikulu, yofiira moderapo, imene ndinaisintha ndekha mawilo onse. Ba Sakala anati ndiwaonetse ine. Ndinaigoneka, ndinakanikiza pakati, inalowa n'kubwerera. Ndinawaonetsa makona, zipi, masikulu a m'kati. Amake Taonga anamvetsera zonse, kenako anavula patapata, nakwera pa sutikesiyo ndi miyendo yonse iwiri, n'kudumphapo pang'ono.

"Ngati yanikwanisa ine, basi izaikwanisa," anatero, n'kuseka mpaka ogulitsa nthochi anatembenuka.

Inali ndi loko ya manambala atatu, yogwira zokokera ziwiri za zipi. Ndinawaonetsa kabatani kosinthira nambala, iwo anatembenuka kundipatsa msana, nasankha yawo.

Kuyambira pamenepo anandikonda. Akatsika basi ankadutsa kudzandisiyira mpunga pang'ono wa ku Nakonde m'kapulasitiki kuti ndikapatse amayi. Tsiku lina anandipeza nditagwira tsaya, ba Sakala atapita kuchipatala cha maso. Anakhala pa sutikesi yawo n'kundiyang'ana.

"Iwe Esinati, uzakotela pano? Bakulu aba maso yasila. Bakaleka, uzayenda kuti?"

Anasendera pafupi nane.

"Mvela. Katundu yanikulila, nifuna munthu wonyamula chola chachibili. Ulendo uno niyenda neka, ukubwela uyu tiyende tonse. Nizakuonesa pogula, nizakuonesa mokambila nabo. Ukaziba, uzayamba vako. Ugule juzi, kuja kuzizila."

Sindinagone bwino masiku amenewo chifukwa cha chimwemwe. Ndinawauza amayi, iwo anakweza manja kumwamba. Ndinawauza ba Sakala ndili ndi mantha, koma anangoti, "Yenda, mwana wanga. Pano palibe chako." Juzi ndinaigula pa salaula, yobiriwira, n'kuichapa, n'kuipinda pansi pa pilo.

Amake Taonga ananyamuka monga mwa masiku onse. Patapita masiku ochepa, mbiri inafika pa siteshoni kuti basi ina yobwerera kuchokera kumpoto yagubuduka m'mvula. Pa siteshoni mbiri zotere zimabwera n'kupita, ndipo ndinadziuza kuti mabasi ndi ambiri. Ndinayesa foni yawo, sinalowe. Ndinayesanso madzulo, sinalowe. M'mawa mwake mayi wina amene ankayenda nawo maulendo anadutsa pa kantemba atamanga chitenje chakuda m'chiuno. Sanafunike kunena zambiri.

Ndinapita ku nyumba ya maliro ku Kanyama. Madzi anali atazinga nyumbayo, anthu akudutsa pa njerwa zoyalidwa. Ndinakhala pansi pakati pa azimayi osandidziwa, ndinalira, ndipo ndinkachita manyazi mumtima chifukwa sindinkadziwa kuti ndikulira mayiyo kapena ndikudzilira ndekha. Ba Mwale anali panja ndi azibambo, atakhala ngati munthu amene waiwala chimene anadzera. Ana atatu anali m'manja mwa abale.

Tsiku lovuta linabwera maliro ataikidwa kale. Kunkawaza mvula ya mawawa, malaiti kulibe. Ndinali kuwongola chogwirira cha sutikesi ya mwana wa sukulu pamene ndinaona chinthu chofiira chikubwera pa phewa la munthu. Ndinaizindikira isanafike. Anali ba Mwale, atavala jekete lawo la ulonda. Katundu wa pa ngoziyo anali atasungidwa ndi apolisi, ndipo anali atangomulandira kumene. Kumbuyo kwawo kunkabwera mayi wamtali wa duku lakuda, akulu ake a malemu, amene ndinawaona ku maliro akulamula za kukhitchini. Dzina lawo anali ba Dolika. M'khwapa anali atapanira masaka awiri opanda kanthu, opindidwa bwinobwino.

Ba Mwale anaika sutikesiyo pathebulo pang'onopang'ono. Mbali imodzi inali yopalika mpaka kuyera, ngati inakhwekhwerezeka pa phula mtunda wautali. Kona imodzi inali italowa m'kati. Wilo limodzi linali litachoka, chogwirira chitapindika, matope ofiira ataumira m'mizere, ndipo inkanunkha dizilo. Koma chigoba sichinang'aluke paliponse. Zipi inali yotseka, loko ili m'malo.

"Ba Sakala," anatero ba Mwale, mawu ali pansi, "nambala siniiziba. Nipempha musegule, koma musaiphwanye. Benze kuikonda maningi."

"Dulani chabe zipi na mpeni," anatero ba Dolika. "Tilibe nthawi, ise tiyenda kumunzi mailo."

Ba Sakala anaimirira, nayendetsa manja pa sutikesi yonse, pamakona, pamene panapalika. Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu a ba Dolika. Sindikudziwa ngati anaona masaka aja kapena anangowamva kukhwekhwesa.

"Esinati," anatero, "loko iyi yamenyeka maningi. Ingavute, ai? Kapena baisiye, ba Mwale babwele mailo."

Ine sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinkaona nkhope ya ba Mwale, ndi mpeni umene ba Dolika ankaufuna, ndipo ndinkafuna kuwachitira chinthu chimodzi chabwino amake Taonga.

"Ningakwanise, ba Sakala. Siinaonongeke."

Ba Sakala anabwerera pa mpando wawo.

Loko ya manambala imatseguka chonchi. Pambali pa kagudumu kalikonse ka nambala pali kampata kopyapyala. Umawalitsamo tochi ya foni, n'kumazungulitsa kagudumuko pang'onopang'ono mpaka uone kamphako pa chitsulo cha m'kati. Ukapeza timiphako tonse titatu n'kutiloza mbali imodzi, umayamba kusuntha tonse pamodzi, nambala imodziimodzi, ukukanikiza batani nthawi iliyonse. Ndinayamba ndachotsa matope ndi burashi ya mano yakale, n'kudonthezamo mafuta a makina osokera. Kagudumu kapakati kanali kouma, ndinakakankha ndi nsonga ya sikuludiraiva. Anthu anali atayamba kuima pafupi, chifukwa pa siteshoni sutikesi yopalika chotero aliyense amadziwa kumene yachokera.

Loko inalira kuti tha, zokokera ziwiri n'kudumpha.

Ndisanachotse n'komwe dzanja, ba Dolika anali atakoka zipi kuzungulira, natsegula sutikesiyo pathebulo, pamaso pa anthu onse.

Fungo ndi limene linayamba kutuluka, la mafuta amene amake Taonga ankadzola. Zonse zinali mmene anazilongedzera. Nsapato zakuda za ana a sukulu zomangidwa ziwiriziwiri ndi mphira. Zitenje zopindidwa mothina, zouma, zopanda ngakhale dontho. Tizikwama ta azimayi tolowetsana. Pamwamba, pansi pa malamba, panali juzi yawo yabulauni, duku, ndi kapulasitiki ka mswachi ndi sopo.

Ba Mwale anagwira m'mphepete mwa thebulo. Ba Dolika anatambasula saka loyamba n'kuyamba kuponyamo nsapato.

"Mulamu," anatero ba Mwale, "katundu iyi ndiye yenze ya masukulu ya bana. Lekani nigulise."

"Bana tizabasunga ise. Imwe na nchito yanu ya pa geti mungasunge bana batatu? Ivi ni va mufana wanga, viyenda ku banja."

"Tenze kusebenzela pamozi..."

"Pamozi? Benze kugona mumabasi ni ndani? Wafela pa museu ni ndani? Imwe munali gone pa mupando."

Anthu oonerera anang'ung'udza, ena mbali iyi, ena mbali iyo, koma palibe analowererapo. Ba Mwale sanali munthu wa mawu, ndipo chisoni chinali chitawatha mphamvu. Ine ndinaima ndi tochi yoyaka m'manja masana, ndikuona zitenje zikulowa m'saka lachiwiri. Apo m'pamene ndinamva zimene ba Sakala ankandiuza. Loko ija ndi imene inkaimira bamboyo. Ikanakhala yotseka mpaka mawa, akanabwera okha, kapena ndi akuluakulu a mpingo, kapena ndi wina woti awalankhulire.

Ba Mwale anatambasula dzanja natenga juzi yabulauni ija. Ba Dolika anaigwira mkono umodzi.

"Vovala va malemu vigabiwa na banja."

Ba Sakala anaimirira. Sindinawamvepo akukweza mawu, ndipo ngakhale apa sanakweze.

"Amai, siyani juzi."

Ba Dolika anawayang'ana, nayang'ana anthu, n'kuisiya. Kenako anayang'ana masaka awo odzaza ndi mvula imene inkawaza, nayang'ananso sutikesi yopanda kanthu. Anaikanikiza pakati ndi dzanja. Anakhuthula masaka onse awiri kubwezera m'sutikesimo, mosapinda, mongopondereza, natseka zipi.

"Ikani wilo apa, niziguza."

"Tilibe mawilo," anatero ba Sakala.

Ndowa ya mawilo inali pansi pa thebulo, poonekera, yodzaza mpaka pakamwa. Ba Dolika anaiyang'ana, natsonya, naitana munthu wa wilibala. Sutikesi yofiira inakwezedwa, inapita ikugwedezeka pakati pa mabasi mpaka sindinaionenso.

Anthu anabalalika. Ba Mwale anatsala ataima, juzi ataiika m'kati mwa jekete kuti isanyowe. Anafunsa kuti alipire zingati, ba Sakala anati apite chabe. Anayenda pang'ono, n'kubwerera kwa ine.

"Mwana wanga, nambala yenze chani?"

Ndinawauza manambala atatu aja. Anawabwereza chamumtima, milomo ikuyenda. Ndinaona akuyesa masiku obadwa a ana, chaka cha ukwati, nambala ya nyumba. Kenako anapukusa mutu.

"Siniziba kuti ni ya chani," anatero, n'kumapita wapansi kulowera ku Kanyama.

Ndinakhala pansi kuseri kwa masutikesi ogulitsa n'kulira mpaka mutu kuwawa. Ba Sakala anandisiya. Nditatuluka, ndinawapempha kuti andikhululukire. Anati palibe cholakwa, loko ndinaitsegula bwino, mwina kuposa mmene akanachitira iwo ali ndi maso.

"Koma ukaona banthu babili babwela na chola chimozi chokhoma, yamba waona banthu. Loko siithaba."

Ba Sakala sanakhalitse pambuyo pake. Kuchipatala anawauza kuti palibenso chochita, ndipo mwana wawo anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Katete. Masutikesi otsala anagulitsidwa motchipa kwa munthu wa shopu, kantemba kanatengedwa ndi wogulitsa machaja a foni. Ine anandisiyira zida ndi ndowa ya mawilo. Dirilo inapita ndi mwana wawo.

Ana a amake Taonga anatengedwa kumudzi. Ndinamva kwa mayi wa maulendo uja kuti Taonga, amene anali atatsala pang'ono kulemba mayeso a giredi naini, sanabwererenso ku sukulu. Ba Mwale ndinawaonako kamodzi pa geti ya shopu, ataonda, atakhala pa kampando ndi ndodo yawo pamiyendo. Ndinawapatsa moni, anayankha mwaulemu, koma sindikhulupirira kuti anandikumbukira.

Lero ndimakhala ndi kathebulo kanga pafupi ndi pamene panali kantemba, pansi pa ambulera. Amayi sayendanso, ndipo ndine ndimawasambitsa ndisananyamuke. Wofuna kugula sutikesi akandifunsa, ndimamuperekeza m'shopu n'kumusankhira: ndimakanikiza chigoba, ndimagwedeza chogwirira, ndimasuzumira masikulu a mawilo. Ambiri amathokoza n'kutenga yonyezimira.

Maloko ndimatsegulabe, pafupifupi sabata iliyonse, chifukwa anthu amaiwala manambala awo. Koma sindigwira tochi ndisanafunse kuti sutikesi ndi ya yani, yachokera kuti, ndipo amene waima kumbuyoyo ndi ndani. Ndikatsegula, ndimasiya dzanja langa pa zipi mpaka mwini wake aike lake.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wa duku lakuda, mwana ali kumbuyo, atanyamula sutikesi yabuluu ya mwamuna wake amene anamwalirira ku migodi. Anali ndi azibambo awiri, abale a mwamunayo, amene ankamuyankhira funso lililonse. Ndinawalitsa tochi, ndinazungulitsa timagudumu, ndinaona timiphako tonse titatu bwinobwino. Kenako ndinazimitsa tochi.

"Yavuta," ndinatero. "Isiyeni pano. Amai babwele mailo kuseni, nizayesa futi."

Azibambo aja anakana kuisiya. Anainyamula n'kupita nayo kwa mnyamata wokonza nsapato kutsidya kwa msewu, ndipo ndinaona ali kunola mpeni pa simenti. Mtsikanayo anawatsatira, koma asanawoloke anatembenuka n'kundiyang'ana kamodzi. Anadziwa kuti ndinanama, ndipo anagwedeza mutu pang'ono.